Ekita safa: mafunso ndi mayankho pa mafilimu akale amene tinakula nawo ku Rumphi

Tsiku lina madzulo, ndili pakhonde kumudzi kwathu kufupi ndi Bolero, mwana wa mlongo wanga anandipeza ndikuseka ndekha, maso ali pa foni. Atasuzumira anaona chimunthu cha minofu chikutsika phiri chitasenza chipika paphewa, zithunzi zake zili mbuu ngati zadutsa mu utsi. "Asibweni," anatero, "zinthu zakalekale ngati zimenezi mumazioneranji?" Inali Commando, filimu ya mu 1985, ndipo ndinali nditasiya kalekale kuwerenga kuti ndaionera kangati. Ndinamuuza kuti akhale pansi. Mafunso otsatirawa ndi amene anandipanikiza nawo usiku umenewo, kuphatikizapo ena amene anzake amakonda kutifunsa ife amene imvi zayamba kutituluka.

Mukamati filimu yakale, mumanena iti?

Zimatengera amene mwamufunsa. Munthu wa ku London kapena ku New York akutchulirani Casablanca ya mu 1942, kapena City Lights ya Charlie Chaplin ya mu 1931. Ife a kuno zathu ndi zimene zinatipeza pa tepi: Enter the Dragon ya Bruce Lee ya mu 1973, Drunken Master ya Jackie Chan ya mu 1978, First Blood ya mu 1982 imene tonse tinkangoti Rambo, Disco Dancer ya Amwenye ya chaka chomwecho, Bloodsport ya Van Damme ya mu 1988. Zambiri zinkatifika zitatha zaka khumi kwawoko, koma kwa ife zinali zotentha.

Zaka zokha sizipatsa filimu ulemu. Matepi ambiri tinaonera n'kuiwala tisanafike n'kunyumba komwe. Imene ndikunena ine ndi ija yoti mukaitchula pa bawo kapena pa siwa, wina amakulandani nkhani pakamwa, wachitatu n'kuimirira kuti asonyeze mmene mwendo unakwerera.

Kodi zithunzi zoterezi zinayamba liti kufika kuno?

Zinayamba zisanadziwe n'kuyenda komwe. David Livingstone, amene mishoni ya Livingstonia inatengera dzina lake, ankayenda ndi nyali yoponya zithunzi pansalu. Mu 1854 anaonetsa mfumu Shinte ya Alunda chithunzi cha Abrahamu atakweza mpeni kuti aphe Isake. Pochotsa chithunzicho, mpeni uja unaoneka ngati ukulunjika kwa amayi amene anakhala mbali imodzi, ndipo onse anabalalika kuthawa. Robert Laws atasamutsira mishoni ku Khondowe mu 1894, phiri limenelo linakhala khomo lolowera zinthu zambiri zachilendo m'boma lino: sukulu, makina osindikizira mabuku, ngakhale magetsi.

Zoyenda zenizenizo ambiri anakaziona kunja. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Kopabeluti, ku Salisbury ndi ku Joni ankabwera akusimba za bayisikopo ya m'makomboni. Ku Kopabeluti mafilimu a makaubowi ndiwo anali pamtima pa anthu, ndipo ngwazi ya filimu iliyonse ankangoitcha Jack, kaya dzina lake lenileni linali lotani. Atsamunda nawo anaona kuti kanema ndi chida. Pakati pa 1935 ndi 1937 gulu lotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment linayendayenda ndi mafilimu ophunzitsa mpaka m'Nyasaland, ndipo kuyambira 1948 mpaka 1963 bungwe la Central African Film Unit, likulu lake lili ku Salisbury, linkapangira anthu akuda a m'Nyasaland ndi a m'maiko awiri a Rhodesia mafilimu a ulimi, ukhondo ndi kumvera boma.

Titalandira ufulu ntchitoyo inapitirira ndi magalimoto a dipatimenti yofalitsa nkhani komanso achikasu aja a unduna wa zamalimidwe. Galimoto ikafika masana n'kulengeza pa chimkuzamawu, pofika madzulo bwalo la sukulu linkakhala litadzaza. Kenako a mpingo anabwera ndi filimu ya Yesu ya mu 1979, yotsatira uthenga wabwino wa Luka. Nsalu ankaimangirira pa mitengo iwiri, anthu n'kukhala mbali zonse ziwiri, ndipo akafika pokhomera misomali, amayi ankalira ngati maliro agwa pamudzi.

N'zoona kuti munakula opanda TV?

N'zoona. Ku Southern Rhodesia wailesi ya kanema inayamba mu 1960, ku Kitwe mu 1961, koma boma la Kamuzu Banda silinaifune. Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, ndipo ngakhale pamenepo zithunzi zake sizinafike msanga kuseri kwa mapiri athuwa. Nyumba za kanema zinali ku Blantyre ndi ku Limbe, kutali ndi munthu wa ku Katowo. Kumenekonso filimu inkayamba yadutsa m'manja mwa bungwe loyang'anira zosangalatsa, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968, limene linali ndi lumo lakuthwa. Mwamuna ndi mkazi akangoyamba kuyandikizana milomo, mwadzidzidzi kunkakhala kwacha, awiriwo akumwa tiyi.

Chimene tinali nacho ndi wailesi. Kapalepale, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino tinkazimvera titazungulira kawailesi kamodzi, mabatire ake oumikidwa padzuwa. Pano pali mfundo imene anzathu a kumwera saiganizira kawirikawiri. M'chaka chomwecho cha 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwereranso mu 1994. Mwana wa ku Hewe kapena ku Mhuju anakula akumva nkhani iliyonse ya m'bokosi m'chinenero chimene si cha amayi ake, wina wodziwa n'kumamasulira ena. Tepi ya Chingerezi itafika, inatipeza titazolowera kale ntchito imeneyi.

Vidiyo sho inkakhala yotani?

Imene ndimaikumbuka bwino inali kuseri kwa golosale, m'zaka za m'ma 1990. Chipinda chinali cha zidina zosawotcha, mawindo otsekedwa ndi masaka a feteleza kuti kuwala kusalowe ndiponso kuti osalipira asasuzumire. Panja panali bolodi lakuda lolembedwa ndi choko mayina a mafilimu a tsikulo, kalembedwe kake kodziwa yekha mwini. Sipika imodzi ankaipachika pamtengo, moti kulira kwa mfuti kunkamveka mpaka ku chigayo. Kumeneko ndiye kunali kuitanira malonda.

M'kati munali mabenchi a matabwa osapala, ana pansi kutsogolo, akuluakulu kumbuyo. Sikirini inali pamwamba pa tebulo losanjikidwa pa tebulo linzake, deki ili pambali yofunditsidwa kansalu ngati mwana wakhanda. Fungo linali la thukuta, mtedza wokazinga ndi utsi wa jenereta. Mafuta akatha filimu ili pakati, chipinda chonse chinkakuwa, mwini sho n'kutuma mwana ndi botolo. Tepi ikatafunidwa ankaitulutsa mosamala, kuiwongola ndi chala, poduka n'kulumikiza ndi selotepu. Ndiye chifukwa chake pali mafilimu ena amene ndinadzadziwa ndili wamkulu kuti ali ndi chigawo chimene kwathu sitinachionepo.

Ndalama yolowera inali yochepa, komabe kuipeza inali nkhani. Ine ndinkasoka fodya paganyu. Nyengo imene alimi ankabwera kuchokera ku okushoni ku Mzuzu, sho inkayamba m'mawa mpaka usiku, ndipo munthu wolowa dzuwa lili pamutu ankatuluka akudabwa kuti kwada liti.

Nanga Chingerezi chake munkachimva?

Pang'ono, mwinanso ayi ndithu. Koma m'sho iliyonse munkakhala munthu amene filimuyo anaionerapo kasanu, ndipo ameneyo ndiye anali mlomo wa Rambo. Kwathu anali mnyamata wina amene anasiyira sukulu Fomu 2. Ankakhala pafupi ndi sikirini n'kumatiuza m'Chitumbuka zimene azungu akukambirana. Pa Commando pali pamene Arnold Schwarzenegger akudya buledi ndi mwana wake wamkazi, akuoneka wokayikira chimene chili m'katimo. Mnyamata uja ankati, "Wakuti sima yachepa!" Chipinda chonse chinkagwa ndi phwete. Ndinadzamva Chingerezi chake patapita zaka zambiri, ndipo kunena zoona, mawu a mnyamata uja ndi amene anali okoma.

Tinali ndi malamulo athu oonera. Ngwazi tinkaitcha ekita, monga agogo aja ankati Jack, ndipo aliyense ankadziwa kuti ekita safa. Angamenyedwe, angamangidwe, angaponyedwe m'madzi, wina kumbuyo ankakhazika mitima ya ana pansi: ekita safa. Womaliza kumenyana naye anali bosi, ndipo filimu imene bosi wake wafa msanga tinkati atibera ndalama.

Anyamata a masiku ano amene amalowetsa mawu a Chichewa m'mafilimu a ku China, ku Korea ndi ku India, n'kumatchula msika wa Ndirande pamene zinthu zikuchitikira ku Hong Kong, sanayambe zachilendo. Atenga ntchito ya mnyamata wa pafupi ndi sikirini uja n'kuiika pa kompyuta. Apa m'pamene pagona chikondi changa pa mafilimu akalewa. Ankatifika ali theka, theka linalo tinkamalizitsa tokha.

Koma si zachiwawa zokhazokha zimenezi? Chabwino chake n'chiyani?

Funso ili ndi loona ndipo sindilizemba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa Missing in Action ya Chuck Norris ya mu 1984 tinkaombera m'manja Mmereka akupulula anthu a ku Vietnam, osadziwa kuti nkhondo imeneyo kwenikweni Amereka sanapambane, ndiponso kuti dziko limene tinkaliona ngati la adani linali la alimi a mpunga osasiyana kwenikweni ndi abale athu a ku Karonga. The Gods Must Be Crazy ya mu 1980 inatiseketsa mpaka nthiti kuwawa ndi botolo lija la Coca-Cola logwa kuchokera m'ndege. Koma anaipanga ndi Jamie Uys wa ku South Africa pa nthawi ya tsankho, ndipo inaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa dziko. Woseweramo wamkulu, N!xau wa ku Namibia, analandira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene filimuyo inapanga.

Aphunzitsi ndi makolo nawonso sankadandaula pachabe. Ana ankathawa m'kalasi, ena anathyoka mikono poyeserera Van Damme, ndipo masho ena usiku ukakula ankaika matepi osayenera ana ali momwemo.

Komabe si onse anali mfuti chabe. First Blood, mukaionera ndi maso a munthu wamkulu, ndi nkhani ya msilikali wobwera kunkhondo amene kwawo sakumufunanso, ndipo imatha iye akulira. Mafilimu a Jackie Chan ndi Bruce Lee anali ndi phunziro limene mwana wa mlimi ankalimva msanga: wophunzira amatunga madzi, amanyozedwa, amabwereza chinthu chimodzi miyezi yambiri asanaloledwe kumenya. Tinkaonanso munthu amene si mzungu akugonjetsa azungu, chinthu chimene pa sikirini chinali chosowa. Ndipo zimene Jackie Chan ankachita linali thupi lake lenileni. Akagwa kuchokera pamwamba, wagwadi.

Ndi filimu iti imene inakukhudzani kuposa zonse?

Neria, ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake analemba ndi Tsitsi Dangarembga, wotsogolera anali Godwin Mawuru, Jesesi Mungoshi ndiye Neria, ndipo Oliver Mtukudzi anasewera ngati mlongo wake n'kuimbanso nyimbo zake. Neria ndi mwamuna wake Patrick amanga banja m'tauni ndi thukuta la onse awiri. Patrick atafa pangozi, mbale wake Phineas akutenga ndalama, katundu, nyumba, mpaka ana, akuti mwambo ukutero. Neria akupita kukhoti.

Tsiku limene inaonetsedwa kwathu, mnyamata womasulira uja anagwira ntchito yochepa. Kuno timalowola, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana ndi a kuchimuna. Zaka zimenezo matenda a Edzi anali akutha anthu, moti panalibe mudzi umene unalibe Neria wake ndi Phineas wake. Amayi amene sankaponda m'vidiyo sho analowa tsiku limenelo. Pamene Phineas ankanyamula katundu, mayi wina kumbuyo anatchula mokweza dzina la mlamu wake weniweni, chipinda chonse chinangoti zii. Lamulo latsopano la chuma cha masiye, limene limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu, linadzabwera mu 2011. Filimu ija inali itatsegula kale pakamwa pa anthu.

Pambali pake ndimaika Sarafina! ya mu 1992, ya Leleti Khumalo ndi Whoopi Goldberg, yonena za ana a sukulu a ku Soweto. Inatipeza ifenso tikutuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, riferendamu ya mu 1993 ili m'kamwa mwa aliyense, ndipo atsikana a sukulu zambiri anaphunzira magule ake.

Nanga masewero a pa TV otsatizana aja?

Amenewa anabwera mochedwa ndipo ankafuna khalidwe lina: kudikira sabata yathunthu. Tikuferanji inatipatsa Manganya, amene ankasewera ndi Michael Usi, yemwe mu 2024 anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti John Nyanga ndi Eric Mabedi, onse awiri anatisiya, koma mpaka lero anthu awiri akamakangana zopanda mutu pamsika, wina amawatchula mayina amenewa. Mr Bean ili ndi zigawo 15 zokha, zopangidwa pakati pa 1990 ndi 1995, koma chifukwa mwini wake salankhula kwenikweni, ndi sewero lokhalo limene agogo ndi mdzukulu ankaseka nthawi imodzi popanda womasulira.

Madishi otsika mtengo atafika, nyumba za aphunzitsi ndi anamwino zinkadzaza madzulo alionse chifukwa cha Generations ya SABC, imene inayamba mu 1994. Karabo ndi Queen ankakambidwa pa mjigo ngati anthu a m'mudzi momwemo. Mu 2013 mawayilesi a SABC anatsekedwa pa madikoda aulere aja, ndipo anthu anadandaula ngati wachibale wasamuka osatsanzika.

Nthawi yomweyo madisiki anali atalowa m'malo mwa matepi. A ku Nigeria anabwera ndi Osuofia in London ya mu 2003 ndi tianyamata tiwiri tija, Aki ndi Pawpaw. Ife a kumpoto tinalinso ndi khomo lina: amalonda opita ku Kyela ndi ku Mbeya kudzera pa Songwe ankabwera ndi mafilimu a Chiswahili, moti Steven Kanumba atamwalira mu 2012, kuno analiridwanso.

Achinyamata amati mafilimu akale amachedwa. Woyamba kumene ayambire pati?

Amachedwadi, ndipo kuchedwako n'kumene kumapatsa woonera mpata wolankhula, kulosera ndi kutsutsana ndi mnzake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna kulawa ayambe ndi The Kid ya Chaplin ya mu 1921, nkhani ya mmphawi amene watola khanda lotayidwa n'kulilera. Ilibe mawu, siitenga nthawi yaitali, ndipo ngakhale yapitirira zaka 100, pamene akuluakulu a boma akubwera kudzalanda mwanayo mtima umaswekabe. Kenako Neria, kenako Drunken Master. Wokonda mbiri afunefune Shaka Zulu ya mu 1986, ya Henry Cele, koma aionere akukumbukira kuti inapangidwira wailesi ya boma la tsankho, ndipo nkhani yambiri ikusimbidwa ndi azungu.

Langizo langa lalikulu ndi la kaoneredwe. Musaonere nokha pa foni, zomvera zili m'makutu. Ine ndimachita zimenezo chifukwa ndili kale ndi chipinda chija m'mutu. Inu mulibe, choncho itanani anthu.

Bwanji pa mndandanda wonsewu za ku Malawi zili zochepa?

Chifukwa tinachedwa kugwira kamera. Dziko lopanda TV mpaka 1999 silikanakhala ndi nkhokwe yaikulu ya mafilimu. Zisudzo zathu zamphamvu, monga za Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, zinali za pa nsanja, ndipo anthu ambiri amangozisunga m'mutu. Mafilimu athu amene adzatchedwe akale akupangidwa m'nthawi yathu ino: Seasons of a Life ya Shemu Joyah ya mu 2008, The Last Fishing Boat ya mu 2012, The Road to Sunrise ya mu 2017, ndi Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula imene inapata mphoto ku Nigeria mu 2016.

Koma zithunzi zakale za Rumphi zilipo, kungoti sitiziona ngati chuma. Zili m'matepi a maukwati, a makwaya a mpingo, a mwambo wa Gonapamuhanya ku Bolero, a vimbuza ndi malipenga, amene akuchita nkhungu m'masutikesi pansi pa bedi. Kampani yomaliza kupanga madeki, Funai ya ku Japan, inasiya mu 2016, ndipo tepi yokha imafufuta pakapita zaka. Amene muli nayo isungeni choimika, pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika, ndipo mukapeza wa deki yamoyo, isamutsireni pa kompyuta n'kugawira abale angapo. Commando sidzasowa, eni ake akuisunga. Tepi imene muli agogo anu akuvina pa ukwati wa mu 1996 ilipo imodzi yokha padziko lonse.

Ndiye mwana wa mlongo wanu uja anakhutira?

Usiku umenewo ayi. Anati zonsezi ndi nkhani za anthu okalamba. Loweruka lotsatira tinabwereka sikirini kwa aneba, tinailumikiza ku batire la sola, n'kuiika pa mpando pabwalo. Panabwera ana a nyumba zinayi, alamu anga awiri, ndi amayi anga amene maso ayamba kuchita chidima. Chimunthu chija chitatsika phiri ndi chipika chake n'kuyamba kulankhula ndi mwana wake, amayi anakoka mdzukulu wawo malaya. "Wakuti vichi?" Mnyamatayo Chingerezi amachimva bwino, ndipo anayamba kumasulira mawu ndi mawu, mokhulupirika ngati ali m'kalasi. Palibe anaseka. Anayang'ana kwa ine, anayang'ana kwa agogo ake, kenako anawauza kuti mzunguyo akudandaula mtengo wa feteleza. Bwalo lonse linaphulika, ndipo sanakhalenso pansi mpaka bosi atafa.